Ngongole ya ku Phalula

Bambo anga galimoto yawo amaidziwa ndi khutu. Chiwagwetsereni sitiroko mu 2022, dzanja lamanja ndi mwendo zinasiya kuwamvera, mawu amatuluka mochita kukoka, koma makutu ndiye anachita ngati anoledwa. Amakhala pakhonde pampando wawo wandalema, ndipo ine ndikamachokera ku ulendo amandimva ndisanakhote n'komwe pachigayo. Ndikatsika, moni amabwera pambuyo. Amayamba andiuza kaye zimene injini yawanong'oneza: kuti pachitunda paja ndinachedwa kutsitsa giya, kapena kuti dizilo amene ndathira ndi wa m'zigubu.

Ndiye muone nokha uchitsiru wanga. Munthu wotereyu ndi amene ndinayesa kuwabisira, kwa miyezi isanu, chitsulo chimene chimakhala kutsogolo kwenikweni kwa injini, chikuzungulira poyera.

Galimotoyo ndi Toyota Hilux yakale, ya m'ma 1990, injini yake ija amati 3L: ya dizilo, malita 2.8, yopanda turbo, yopanda kompyuta iliyonse. Inapangidwa ine ndisanabadwe. Bambo anaigula kwa munthu atapuma pa udalaivala, n'kuyamba kunyamulira azimayi a geni kachewere, kabichi ndi tomato kuchokera ku Tsangano ndi ku Lizulu kupita ku Blantyre. Digiri yanga ya ku Zomba mutaifinya bwinobwino, mukhoza kutuluka dizilo. Ndinamaliza mu 2021, ndinatumiza makalata ofunsira ntchito mpaka mnyamata wa pa fotokope anayamba kundipatsa moni wapachibale. Bambo atagwa panalibe msonkhano wa banja. Mayi anangoika makiyi patebulo, pambali pa mbale yanga ya nsima.

Kuyendetsa ndinkatha. Za pansi pa boneti ndinkadziwa poonera oyilo ndi pothira madzi, basi.

Zinachitika mu July 2023. Kwa sabata yathunthu galimoto inkati ikadzuka m'mawa, inkayamba yalira kaye ngati anapiye osowa mayi wawo, kenako n'kusiya. Ndinakunga fan belt kawiri, ndikudzitama kuti ndayamba kuzitsata. Tsiku limenelo tinanyamuka kusanache, kumbuyo kuli matumba a kachewere ndi madengu a tomato a azimayi atatu, mmodzi mwa iwo ali nane kutsogolo kuti akalandire katundu kumsika. Tinalipira pa tollgate ya pa Chingeni, n'kumatsetsereka bwinobwino. Titatsala pang'ono kufika pa Phalula, kagetsi ka batire kanayamba kuphethira. Kenako kanangoyakiratu. Injini inali ikukokabe ngati palibe chachitika, ndiye ine ndinati tikaonera kutsogolo. Injini yakale ya dizilo ili ndi khalidwe limeneli: ikangoyaka, magetsi imafuna ochepa kwambiri, moti imatha kumathamanga uku zina zonse zikufa mwakachetechete. Posakhalitsa muvi wa kutentha unayamba kukwera. Ndinaponda buleki pamalo okumbika, ndinamva ngati walimbirako. Ndiye panadutsa mbuzi. Ndinapondanso, ndinapeza ndaponda mwala.

Mbuziyo inadzipulumutsa yokha, si ine. Ndinatsitsa magiya, ndinakoka handibuleki pang'onopang'ono, tinakaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi mlambe. Mayi aja, amene ulendo wonse ankandifotokozera za mpongozi wawo, anangoti "Yesu" n'kukhala chete.

Pa M1 galimoto ikakufera sipatha mphindi khumi usanapeze alangizi. Wina anati ndi batire, wina anati injini yanoka, wa kabaza wina anandifunsa ngati ndinatsanzika bwino kunyumba. Kamnyamata kena kokha ndi kamene kanachita zanzeru, kanathamanga kukaitana makaniko. Anabwera madala ena aimvi, panjinga, ovolosi yong'ambika m'mabondo, masipanala ali m'thumba la feteleza. Anandifunsa zimene ndaona, motsatana kwake. Nditatchula batire, kutentha ndi mabuleki, mabulekiwo sanawayang'ane n'komwe. Anapita kutsogolo, anakoka malamba, anapeza ndi okungika bwino ndipo palibe woduka. Kenako anatulutsa choko m'thumba la pachifuwa ngati mphunzitsi wa pulayimale, anakwawira pansi pa galimoto, n'kujambula mzere umodzi pa chigudumu chachitsulo chimene chili m'munsi mwa zinzake zonse, kuyambira pakati mpaka m'mphepete.

"Lizani, achimwene. Ndikati zimitsani muzimitse."

Ndinaliza. Sipanadutse nthawi yoti munthu n'kuwerenga mpaka 10. Nditakwawira kukaona, mzere uja unali utaduka pawiri: theka lamkati likuloza kumwamba, theka lakunja likuloza cha ku Balaka.

Apa ndi pamene ndinaphunzirira dzina lakuti crankshaft pulley, ndi kuti chinthucho si chitsulo chimodzi monga chimaonekera. Ndi zitsulo ziwiri. Chamkati chimamangidwa ndi bawuti limodzi lalikulu kumphuno kwa crankshaft, mtanda uja umene mapisitoni amaupalasa ngati mmene miyendo imapalasira njinga. Chakunja ndi mkombero wolemera wokhala ndi tingalande momwe mumadutsa malamba. Pakati pa ziwirizi pali labala wopanikizidwa mwamphamvu, ndipo iyeyo ndi amene amazigwirizanitsa. Wathu anali atafeweratu n'kulekana ndi chitsulo, moti chamkati chinkazungulira ndi injini, chakunja n'kumangotsatira mwaulesi, pena n'kuima. Malamba aja amazunguza pampu ya madzi ndi alternator. Ndipo poti injini ya dizilo sipanga yokha mpweya wokoka umene umafewetsa buleki, pa injini imeneyi kapampu ka ntchitoyo anakamangirira kumbuyo kwa alternator. Ndiye alternator ikaima, batire silandira moto ndipo mabuleki amauma. Pampu ya madzi ikaima, injini imawira. Matenda atatu, mfiti imodzi.

Madala anapisa chala kuseri kwa pulley, anachitulutsa chili bii.

"Wadya labala wanu ndi uyu. Seal yakutsogolo ikudontha. Oyilo ndi labala sagona nyumba imodzi."

Kenako ananena mankhwala ake: aichotse, apite nayo kwa wowotcherera, zitsulo ziwirizo azilumikize zikhale chimodzi.

Ine ndinachita zimene m'badwo wathu umachita. Ndinapita kuseri kwa mlambe, ndinagula bandulo ya tsiku limodzi, n'kuyamba kufufuza. Kulikonse kumene ndinatsegula, kaya ndi pa YouTube kaya ndi kuti, nkhani inali imodzi: osawotcherera. Chifukwa chake n'chomveka ndithu, ndipo mpaka lero ndimachikhulupirira. Injini ya dizilo siyatsa mafuta ndi kuthetheka kwa moto ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya, pa injini yathuyi kupitirira ka 20, mpaka utenthe moti dizilo akangofika apse yekha. Kuphulika kulikonse ndi nkhonya pa crankshaft. Masilinda anayi amaponya nkhonya ziwiri pa kuzungulira kumodzi, ndiye injini ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, nkhonyazo ndi 4,000. Nkhonya iliyonse imaupotokola mtandawo pang'ono zedi, kosaoneka ndi maso, nawo n'kubwerera. Ntchito ya mkombero wolemera uja ndi labala wake ndi kumeza kunjenjemera kumeneku. Mukawotcherera, malamba azungulira bwino, inde, koma womeza uja mwamupha. Kupotokolako kumatsalira mu crankshaft momwemo, ndipo aliyense amene anapangapo galimoto yamawaya ali mwana akudziwa mmene waya amadukira popanda chodulira: kupindira uku, kupindira uko, mpaka thyo.

Ndinabwerera nditagwira foni ngati mlaliki wa m'basi. Mayi aja anali atawauza kale madala kuti dalaivala wawo ndi wa ku yunivesite, ndiye dzina langa linali litasintha.

"Mwapezako chiyani, a digiri?"

Ndinafotokoza zonse, nkhonya 4,000 zomwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akupukuta sipanala ndi kansanza.

"Anena zoona," anatero. "Palibe anama apo. Tawafunsaninso kuti pa Phalula pano pulley akugulitsa sitolo iti."

Alangizi aja anaseka. Ine sindinaseke, poti ndinali nditayamba kale kuwerengera. Kukwera minibasi kupita ku Limbe, kukasaka pulley ndi ndalama imene ndinalibe, kubwerako mawa. Katundu agone pamsewu. Kachewere akhoza kupirira, nanga tomato wothyoledwa dzana, padzuwa la ku Phalula limene ngakhale mu July silifanana ndi la ku Tsangano? Tomatoyo sanalinso wanga. Azimayi aja mpamba wawo unali wokongola, wobweza kutha kwa mwezi, ndipo amene ndinali nawowo anali ataima pambali pa madengu, manja ali kunkhongo.

Madala anaona kuti masamu andithera. Anatsitsa mawu kuti ena aja asamve.

"Tamverani, mwana wanga. Ichi ndikupangireni si kukonza ayi. Ndi katapila. Akufikitsani ku Blantyre, akubwezani kwanu. Koma tsiku lililonse mukaliza injini chiwongoladzanja chikukwera, ndipo wolipira ndi crankshaft. Masabata awiri mukhale mutagula ina, musinthe ndi seal yomwe. Osaithamangitsa. Mwamva?"

Ndinati ndamva.

Ntchitoyo inatenga tsiku lonse, ndipo gawo lalikulu linali kudikira. Anakhuthulira madzi a mu redieta m'beseni kuti tisawataye, anachotsa fani ndi redieta yomwe kuti manja apeze malo. Bawuti lapakati lija silimasuka ndi mphamvu za munthu, chifukwa ukalikoka injini yonse imangozungulira nawe. Madala analiveka sipanala, sipanalayo anailowetsa mu paipi yaitali, mapeto a paipi anawatsamiritsa pa chassis. Anazula kawaya ka pa pampu ya dizilo kuti injini isayake, anauza aliyense kuti afutuke, n'kundiuza kuti ndingogunda sitata kamodzi, ngati ndikutsina mwana m'tchalitchi. Kunangomveka kuti khwa! Bawuti lija linali litagonja. Chonde musakayesere izi chifukwa choti mwawerenga pano. Paipi ija ikapulumuka imathyola chilichonse chimene yapeza, mwendo womwe.

Pozula pulley sanamenye ndi hamala ngakhale kamodzi. Anali ndi kachitsulo kafulati ka mabowo atatu, kopanga okha. Mabawuti awiri amagwira chitsulo chamkati, lachitatu likukankha pakati, pulley n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati dzino logwedera.

Kwa wowotcherera tinapeza magetsi atazima. Tinakhala pabenchi kuyambira cha m'ma 10 mpaka cha m'ma 3, tikudya chinangwa chophika, mayi aja akupitapita kukasuzumira tomato wawo ngati wodwala amene wagonekedwa. Magetsi atabwera, madala sanalole mnyamata wowotchererayo kuti angoyamba. Anaika pulley pachitsulo chosalala, anagogoda mkombero uja mpaka unakhala mofanana mbali zonse, n'kulemba ndi choko malo anayi oyang'anizana, kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi. Fungo la labala wopsa lija mpaka pano ndikalimva, kaya ndi ana akuwotcha tayala, m'mimba mumandipota.

Pomanga, galimoto anaiika mu giya, miyala kumatayala, mayi aja ataponda buleki ndi miyendo yonse iwiri, kamnyamata kaja n'kulendewera pa paipi. Ku Blantyre tinafika usiku. Tomato wa pansi pa madengu anali ataphwanyika, koma wambiri anagulidwa.

Nditabwerera kunyumba, bambo anali pamalo pawo. Ndinawauza kuti fan belt inaduka pa Phalula. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Oo." Ndikanakonda kunena kuti ndinanama pofuna kuti BP yawo isakwere, ndipo mwina pang'ono zinali choncho. Koma chachikulu chinali china. Zaka ziwiri ndili pakhomo, digiri ili m'sutikesi, galimotoyi inali chinthu chokhacho chimene anthu ankati ndikuchikwanitsa. Sindinkafuna kuti munthu amene anaisamala zaka zonsezo amve kuti ine, chaka chimodzi chokha, ndaifikitsa kale kwa wowotcherera mageti ndi mbaula.

Sabata yomweyo ndinafunsadi mitengo ku Limbe. Yatsopano yeniyeni inali phindu la maulendo anayi, lonse, osadyapo. Panali ina yotchipa, yonyezimira, ya m'katoni kopanda dzina, imene ngakhale wogulitsayo ankaiyamikira akuyang'ana kumbali. Ndinati ndibwera sabata ya mawa.

Vuto la katapila ameneyu ndi lakuti sagogoda pakhomo. Wa ndalama uja amakuimbira foni usiku, amakutumizira anyamata, amanyamula wailesi. Uyu anangokhala phee. Anapiye aja anasiya kulira, kagetsi ka batire kanazima, mabuleki anafewa. Kunena zoona, galimoto inkaoneka kuti ikuyenda bwino kuposa kale. Masabata awiri anakwana ndili pamzere wa dizilo. Mu September mlongo wanga ankabwerera ku sekondale yogonera komweko. Mankhwala a bambo sadikira. Feteleza nayenso. Ndiye kuti ndisadziyeretse: ndinaitanidwa ku intavyu ku Lilongwe, ndinagula nsapato ndi malaya atsopano, ntchitoyo sindinaipeze. Galasi la foni litasweka ndinasinthitsa tsiku lomwelo. Chilichonse mwa izi chinali ndi chifukwa chake chabwino, ndipo pulley nthawi zonse inkakhala yachiwiri pamzere.

Zizindikiro zinalipo. Paliwiro linalake, cha m'ma 70, ndodo ya giya inkayamba kunjenjemera m'dzanja, kukumveka kamng'ung'udzo kochokera pansi kamene kale kunalibe. Ndinkakweza wailesi. Malamba ankadyeka mbali imodzi, ndinasintha kawiri, ndikugulira kutali kuti nkhani isafike kunyumba.

Anzanga ena a ku koleji, amene pano akuyendetsa timagalimoto tangongole ya ku ofesi, ndikawafotokozera nkhaniyi amafulumira kuweruza: amakaniko a pansi pa mtengo ndi amene akupha magalimoto m'dziko muno. Alipo oterowo, amene amawotcherera n'kukuuza kuti yatheka bwana, iyi ndiye mpaka kalekale. Koma pa madala aja ndimakana. Anandiuza dzina lenileni la chimene ankandigulitsa, anandiuza ndi tsiku lobweza. Zonse zimene ndinawerenga kuseri kwa mlambe ankazidziwa kale, kuphatikiza china chimene mu foni munalibe, choti kumbuyo kuli tomato wa eni ake. Amene anasandutsa masabata awiri kukhala miyezi isanu sanali iwo.

Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nditapitanso ku Limbe, mtengo umene ndinasunga m'mutu unali utasanduka nthano. Wa m'sitolo uja anandikumbukira. "Si munati sabata ya mawa, bwana?" Zengerezu adalinda kwawukwawu, ankatero agogo anga, koma sanatiuze kuti kwawukwawuyo amayendera mtengo wa dola.

Tsiku lina m'mawa mu December, mvula itagwa usiku wonse, ndinaliza galimoto kuti itenthe. Bambo anagogoda ndodo yawo pasimenti. Ndinazimitsa.

"Tsegula boneti."

Kuchoka pakhonde kufika pamene pamaima galimoto ndi mapazi mwina 15. Anakana kuti ndiwagwire. Ndinaima pamenepo ndikuwaona akukoka mwendo m'matope, ndikudziwa bwino lomwe kumene akupita, ndipo sindinaonepo ulendo wautali ngati umenewo. Atafika anatsamira galimoto ndi chifuwa, anapisa dzanja lamanzere pansi, osayang'ana n'komwe. Ndinkaona milomo yawo ikuwerenga zipsera. Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Pa chachinayi anakhalitsa.

"Ichi chang'aluka," anatero. "Chayamba Lachiwiri."

Ndinayamba kufotokoza za tomato, za magetsi, za madala aja. Anandidula ndi dzanja.

"July. Ndinamva usanakhote pachigayo."

Anabwerera pampando wawo okha, ndipo tsiku limenelo galimoto sinapite kulikonse.

Madzulo ndinawapeza mayi kukhitchini akusankha nyemba. Ndinawafunsa, mokwiya ndithu, ngati wolakwiridwa ndine, kuti ngati bambo ankadziwa chiyambire July, ankangondiyang'aniranji ndikunama miyezi yonseyi.

Mayi sanadzutse mutu. "Iwe ukuyesa masamu umatha wekha? Bambo ako ankadziwa kuti ndalama ya chitsulo chakocho ndi yomweyo ikugula mankhwala awo. Akanati chiyani? Kuti usiye kundigulira mankhwala?" Anataya kamwala panja. "Masiku onse umapita ku Blantyre aja, munthuyu sagona. Amakhala tsonga mpaka amve galimoto."

Ndinalibe choyankha. Nthawi yonseyi ndinkayesa ngongole ija ndikuisenza ndekha.

December ndi mwezi umene banki mkhonde ya mayi imagawana. Ndalama yawo ankafuna agulire malata a khitchini, imene imadontha pamene pali mafuwa penipeni. Anandipatsa yonse ili m'kansalu, osachulutsa mawu. Ya pulley yatsopano sinakwane. Ndiye titazula yowotcherera ija, ine ndi makaniko wa kwathu, mnyamata amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ndinaiika m'chikwama kuti ndikafanizire, n'kukwera minibasi kupita ku Ndirande, kumene injini zakufa zimagulitsidwa chiwalochiwalo. Bambo anali atandipatsa malamulo pang'onopang'ono, ine ndikulemba mu foni. Labala asakhale ndi ming'alu, asatukumuke kutulukira m'mphepete, ukamukanikiza ndi chikhadabo asamire ngati nsima komanso asaume ngati fupa. Mpata wa kiyi m'kati mwa bowo ukhale wa m'mbali zakuthwa, osati wodyeka. Tingalande ta malamba tifanane ndi ta yakale ukaziika pamodzi. Ndinakana ziwiri. Wogulitsa aliyense ankalumbira kuti yake yangotsika kumene kuchokera ku Japan ndipo sinagwireko ntchito, ngati kuti ku Japan anthu amagula magalimoto n'kumangowayang'ana. Yachitatu ndinatenga. Labala wake nayenso ndi wachikulire, sindikudzinamiza, komabe ndi labala. Ndinagulanso seal ndi timing belt.

Timing belt ndinagula chifukwa bambo anaumirira, ine ndikuona ngati n'kuwononga ndalama ya malata. Titatsegula chivundikiro chakutsogolo ndinasiya kudandaula. Seal ija imakhala kuseri kwa kagudumu ka mano kamene kamayendetsa timing belt, ndiye oyilo asanafike n'komwe pa pulley ankayamba wanyowetsa kaye lambayo. Anali noninoni, mano ena atayamba kufewa. Lamba ameneyu ndi amene amasunga mgwirizano pakati pa mapisitoni, mavalavu ndi pampu ya dizilo. Akadumpha mano kapena kuduka, pa injini ngati iyi mapisitoni amakaomba mavalavu, nkhani n'kuthera pomwepo. A Toyota anaikamo kagetsi kolembedwa T-BELT kamene kamayaka pa makilomita 100,000 kukumbutsa kuti nthawi yosintha yakwana, koma kathu kankadalira mita imene inaima kalekale. Miyezi isanu ndinkaopa crankshaft, pomwe chimene chikanatigwetsa msanga chinali kuseri kwa chivundikiro. Madala a ku Phalula za seal anandiuza. Ineyo ndi amene ndinangotolapo mawu oti pulley.

Ntchitoyo tinagwirira pabwalo, pansi pa mtengo wa mango. Bambo tinawasunthira mpando pafupi. Sankayankhula kwambiri, ndodo ndi imene inkaloza. Anaonetsetsa kuti zizindikiro za timing zayang'anizana, ndiponso kuti tazunguza injini ndi dzanja kawiri tisanayerekeze kugunda sitata. Anaitanitsa kakiyi kaja, kachitsulo kakang'ono kosaposa chala cha mwana kamene kamaletsa pulley kuterereka pa crankshaft, anakasisita ndi chala chachikulu, anagwedeza mutu kuti kali bwino. Bawuti likamangidwa mosakwanira, kakiyi kameneka kamayamba kugwedera n'kumadya mpata wake, ndipo mpata wa pa crankshaft ukadyeka ndiye kuti mavuto enieni ayamba. Choncho ulendo uno panalibe zolendewera pa paipi. Tinabwereka torque wrench ku galaja ina ya pa boma, ndipo nambala yomangira ndinaipeza ineyo, m'buku la injiniyi limene ndinachezera kulisaka pa intaneti. Sipanalayo italira kuti ke, bambo anandiyang'ana.

"Digiri yagwira ntchito," anatero, mbali imodzi ya pakamwa ikumwetulira.

Ndinawafunsa ngati crankshaft inavulala m'miyezi isanu ija. Anati mng'alu wamkati khutu silimva, umadziwika tsiku limene wamaliza. Kenako anatuma mwana wa aneba kuti abweretse choko. Ndinawagwira m'chiuno akuwerama, anajambula mzere ndi dzanja lamanzere, wokhotakhota, kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Choko chimafufutika, ndiye ndinadzabwerezapo ndi penti yoyera, kutsata kukhota kwawo komweko. M'mawa uliwonse ndisanalize ndimagwada kuuyang'ana. Khitchini ikudonthabe.

Mwezi watha ndinaima pa Phalula mwadala. Madala aja ndinawapeza ali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka. Nkhope yanga anali ataiwala, koma atasuzumira kutsogolo kwa Hilux anakumbukira.

"A digiri! Masabata awiri aja munasunga?"

"Miyezi isanu, madala."

Analiza likhweru, anapukusa mutu, anagogoda boneti kawiri ngati akuipepesa galimotoyo m'malo mwanga. Kenako anafunsa ngati yakale ija ndikadali nayo. Ndinati ili kunyumba, mayi amatsindira chitseko cha khola la nkhuku.

"Mudzandibweretsere. Chong'alukacho ndidzawotchereranso. Wina galimoto idzamufera pompano, atanyamula tomato, magetsi atazima."

Ndinawalonjeza. Pulley ija ndinaichotsa pakhola, ndinaikapo njerwa, ndipo tsopano ili kuseri kwa mpando wa dalaivala. Ndadutsa nayo pa Phalula katatu, osaima.